Ndalama zogwera m'mbuna: tikambirane za mpikisano wa mafunso wa pa kanema uja

Mano wa pa Domwe:
Akuluakulu ndi amayi a pa gulu lino, mwaswera bwanji? Ndili ndi funso pa mpikisano uja anyamata akutumizirana pa foni masiku ano, wa ku England, The Million Pound Drop. Anthu awiri amapatsidwa ndalama zonse poyambirira pomwe, kenako nkumaziona zikugwera pansi mtolo ndi mtolo. Pa msika anthu agawanika. Ena akuti ndi sewero chabe, opikisana amauzidwiratu mayankho. Ena akuti ndi zenizeni. Amene mukuudziwa bwino tatimasulirani. Makamaka ichi: zimatheka bwanji kuti ambiri atuluke chimanjamanja, chikhalirecho adayamba ndi 1,000,000 m'manja?

Aphunzitsi a Masamu, Ulongwe:
Zikomo achimwene. Yankho la funso lanu lagona m'malamulo a masewerawo, ndiye tiyambire pomwepo.

Pulogalamuyi idayamba mu Meyi 2010 pa Channel 4, woitsogolera adali Davina McCall, ndipo inkaulutsidwa pompopompo usiku. Ndalama ndi mapaundi 1,000,000 zomangidwa m'mitolo 40, mtolo uliwonse 25,000. Mmene idayambira, mafunso adali 8. Oyamba 4 amakhala ndi mayankho 4 osankhapo, otsatira 3 amakhala ndi mayankho 3, lomaliza limakhala ndi 2 okha. Yankho lililonse lili ndi chitseko chake pa thebulo, ndipo kunsi kwa chitsekocho kuli mbuna. Mumaunjika mitolo pa yankho lomwe mukulikhulupirira, kapena kuigawa pa mayankho angapo, zonsezi m'masekondi 60. Nthawi ikatha, zitseko za mayankho olakwa zimatseguka ndipo zomwe zidali pamenepo zapita. Zotsala pa yankho lolondola ndi zomwe mumapita nazo ku funso lotsatira.

Tsono pali malamulo atatu omwe amadya anthu. Chitseko chimodzi chiyenera kutsala chopanda kanthu pa funso lililonse. Mtolo womwe belu lakupezani nawo m'manja, musanauike pa chitseko, watayika. Ndipo simungaime panjira nkunena kuti zandikwana, ndipatseni zotsalazi ndizipita. Muyenera kufika ku funso la 8. Pamenepo zitseko ndi ziwiri, chimodzi chikhale chopanda kanthu, ndiye kuti zonse zomwe mwasunga usiku wonse zikhala pa yankho limodzi.

NaNgozo wa ku Tsangano:
Aphunzitsi, ine ndikuona kuti anthu amaluza chifukwa cha dyera. Bwanji osagawa bwinobwino? Mlimi wa kuno sadzala tirigu yekha. Amadzala kachewere, chimanga, nyemba, kuti china chikakanika china chimupulumutse. Akamagawa pa zitseko zitatu nthawi zonse bwenzi akufika kumapeto ali ndi kanthu.

Aphunzitsi a Masamu, Ulongwe:
Mayi NaNgozo, nzeru imeneyo kumunda ndi yoona, koma pa thebulo lija imasauka. Chifukwa chake nchakuti m'munda chomwe chapulumuka chimabereka. Thumba limodzi la mbewu limabweza matumba ambiri. Pa thebulo paja mtolo wopulumuka subereka. Ndalama zilibe njira yokwerera, zimangotsika.

Tiwerengere limodzi. Funso loyamba mwagawa 14, 13, 13. Zikakuyenderani mwatsala ndi 13 kapena 14. Lachiwiri mwagawanso 5, 4, 4, mwatsala ndi 4 kapena 5. Lachitatu 2, 1, 1. Pofika funso la 4 muli ndi mtolo umodzi kapena iwiri, kutsogolo kudakali mafunso 5, ndipo mtolo umodzi simungaugawe. Apo ndiye kuti ulendo uliwonse yankho lolondola silidali pa chitseko chomwe mudasiya chopanda kanthu. Ngakhale ogawa pawiri pokha amatha msanga: 40, 20, 10, 5, kenako 2 kapena 3.

Onaninso mbali inayo. Munthu wozindikira kwambiri, woti pa mafunso 10 amakhoza 9, akamaika zonse pa yankho limodzi ulendo uliwonse, mwayi wake wodutsa mafunso 8 onse ndi pafupifupi 43 pa 100. Wokhoza 8 pa 10 mwayi wake ndi 17 pa 100. Wokhoza 7 pa 10 safika ndi 6 pomwe. Mukagawa, ndalama zimasungunuka. Mukapanda kugawa, funso limodzi lokha likukutulutsani. Nchifukwa chake eni pulogalamu safunika kubera munthu kuti ndalama zibwerere kwa iwo.

Wophunzira wa ku Chingodzi:
Ndiye njira yabwino ndi iti aphunzitsi? Chifukwa mwatseka konsekonse.

Aphunzitsi a Masamu, Ulongwe:
Ilipo, koma siilonjeza 1,000,000. Tinene kuti mayankho awiri mwawachotsa, mwatsala ndi awiri, ndipo loyambalo mukulikhulupirira 7 pa 10. Anthu ambiri apa amagawa molingana ndi mtima wawo, 28 uku 12 uko. Mutasewera funso lotere ka 10, ka 7 mutsala ndi 28, ka 3 mutsala ndi 12. Kuphatikiza ndi 232, ndiye kuti pafupifupi mitolo 23 pa ulendo. Mukaika 40 yonse pa loyambalo, ka 7 mutsala ndi 40, zonse 280, mitolo 28 pa ulendo, koma ka 3 mwapita kunyumba. Tsono yesani 35 uku 5 uko. Ka 7 mutsala ndi 35, ka 3 mutsala ndi 5, zonse 260, mitolo 26 pa ulendo, ndipo simunatuluke ngakhale kamodzi. Mitolo 5 ija musaipeputse, ndi mapaundi 125,000.

Ndiye chochita ndi ichi. Pomwe mukudziwa, ikani zonse, musasiye kamtolo kwina chifukwa cha mantha. Pomwe mukukayika, unjikani pa yankho lamphamvu, lachiwirilo mulipatse pang'ono pongofuna kukhalabe m'masewera. Kugawa patatu nkwa funso lomwe simukulidziwa mpang'ono pomwe, ndipo thumba lanu lingapirire zimenezi kamodzi kokha.

aJere a pa Zobue:
Masamu amveka, koma pali china chomwe masamu saona: manja. Mitolo 40 si yonyamula kamodzi. Yang'anitsitsani tizidutswa ta pulogalamuyi. Masekondi 15 oyamba amathera kuwerenga funso ndi kuyang'anana. Masekondi 20 otsatira amathera kukangana, uyu akuti ndi ili, uyo akuti ayi ndidamva pa wailesi. Akamayamba kusuntha ndalama kwatsala masekondi 25. Ikafika pa 10 yomaliza mumaona mmodzi wafungata mitolo pachifuwa ngati nkhuni, wina akukankha ndi chigongono, mtolo wina watsakamira pa mzere pakati pa zitseko ziwiri, woulutsa akufuula kuti nthawi yatha. Ambiri amagawa pakati mpakati osati chifukwa adaganiza choncho, koma poti pamenepo mpomwe belu lawapezera.

Odziwa kusewera amagwirizaniratu asanalowe. Mmodzi ndi woganiza, wina ndi wonyamula. Mitolo imayamba kupita pa yankho lamphamvu funso likangomveka, chifukwa kuchotsapo 5 pamapeto nkosavuta kusiyana ndi kusuntha 35. Amagwirizananso za amene ali ndi mawu omaliza pa mutu uliwonse: za mpira ndi uyu, za mbiri ndi uyo. Musanafunsidwe amakupatsani mitu iwiri kuti musankhe, ndiye sankhani womwe mmodzi wa inu amaudziwa kwambiri, osati womwe nonse mumaudziwa pang'onopang'ono.

Mano wa pa Domwe:
Zamveka akulu. Nanga za kubera zija? Palibe mpikisano wa pa kanema womwe adaugwirapo?

aMbewe a ku Furancungo:
Ulipo mwanawe, ndipo okayikawo musawaseke. Ku America m'zaka za m'ma 1950 kudali pulogalamu yotchedwa Twenty-One. Opanga pulogalamu ankasankha munthu yemwe oonerera amukonda nkumamupatsiratu mayankho, mpaka kumuphunzitsa popumira ndi popukuta thukuta. Charles Van Doren adapata madola 129,000 mwa njira imeneyo, ndipo mu 1959 adavomera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya dzikolo. Mu 1960 adakhazikitsa lamulo loti kukonzeratu zotsatira za mpikisano wa mafunso pa kanema ndi mlandu.

Kubera kwina kumachokera kwa opikisana. Mu 2001, pa Who Wants to Be a Millionaire? ya ku England, msilikali wina wa udindo, Charles Ingram, adayankha mafunso onse 15. Adamugwira ndi amisiri a mawu. Iye ankatchula mayankho onse anayi mokweza, ndipo munthu wina pakati pa odikira kupikisana ankatsokomola likatchulidwa lolondola. Ndalama sadalandire, ndipo mu 2003 khoti lidamupeza wolakwa pamodzi ndi mkazi wake ndi wotsokomola uja.

Muone kusiyana kwake. Pulogalamu ya Ingram idali yojambuliratu, ndiye adali ndi nthawi yobwereza tepi nkumvetsera chifuwa chilichonse isanaonetsedwe. Ya pompopompo ilibe mpata umenewo. Ubwino wake ngwakuti sangadule pomwe sipadawakomere. Kuipa kwake nkwakuti cholakwa chikachitika, dziko lonse lachiona kale. Pa mpikisano wa mbunawu, chomwe chidadziwika si kubera ayi, koma mafunso olembedwa molakwika.

Wophunzira wa ku Chingodzi:
Eya, imeneyo ndi nkhani ya ku America ya mu Disembala 2010, pa Million Dollar Money Drop ya Fox. Funso lidali loti ndi chiti chidayamba kugulitsidwa m'masitolo: kompyuta ya Macintosh, Walkman ya Sony, kapena timapepala tomata ta Post-it. Mnyamata ndi chibwenzi chake adaika madola 800,000 pa Post-it, 80,000 pa Walkman. Chitseko cha Post-it chidatseguka. Eni pulogalamu adawerengera kuti Walkman ndi ya 1979, Post-it ya 1980. Oonerera kunyumba ndi amene adafukula kuti timapepalato tidagulitsidwapo mu 1977 m'mizinda ingapo poyesa msika, ndi dzina lina. Pamapeto eni ake adavomera nkuwaitananso awiriwo, koma pulogalamu idathetsedwa asanabwerere. Pa mtengo wa pafupifupi 64 MT (meticais, ndalama za kuno ku Mozambique) pa dola, ndi ndalama zoposa 51 miliyoni meticais zomwe zidagwa chifukwa cha funso losalongosoka.

Ku England nakonso, chaka chomwecho, banja lina lidataya mapaundi 325,000 pa funso lomwe yankho la eni ake lidali lolakwa. Iwowo adabwezedwa mu situdiyo nkupitiriza masewera.

aMbewe a ku Furancungo:
Apa mpomwe ine ndimayezera pulogalamu. Osati pa kukula kwa ndalama, koma pa kalembedwe ka funso. Funso labwino liyenera kukhala ndi yankho limodzi lokha, lomwe munthu wina aliyense angalitsimikizire m'malo awiri osiyana.

Tengani za kwathu kuno. Wina akafunsa kuti damu la Cahora Bassa lidatha liti, walakwa kale. Ntchito idayamba mu 1969, madzi adayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, magetsi ogulitsa ku South Africa adayamba kuyenda patapita zaka zina, ndipo damulo lidabwerera m'manja mwa Mozambique mu Novembala 2007. Kutha kwake nkuti pamenepa? Kapena afunse kuti chigawo cha Tete chili ndi maboma angati. Lero ndi 15, koma Dôa ndi Marara adawonjezedwa mu 2013, ndiye amene adaphunzira ndi buku lakale ayankha zina ndipo sakunama. Wolemba mafunso wosamala amaika chaka m'funsomo. Funso loyera ndi lotere: Furancungo ndi likulu la boma liti, Macanga, Chiúta, Marávia kapena Tsangano? Apa palibe chokangana. Ngakhale wosadziwa angachotse Tsangano poti likulu lake lili ndi dzina lomwelo, wodziwa kuti Manje ndi likulu la Chiúta ndipo Fíngoè ndi la Marávia achotsanso awiri, kwatsala Macanga.

NaNgozo wa ku Tsangano:
Za masamu mwandigonjetsa aphunzitsi. Koma mtima wanga sunakhazikike. Ana akuonera ndalama zoti zingamange zipatala zikugwera m'dzenje, anthu nkumaomba m'manja. Kenako mwana yemweyo mawa wakatenga ya sopo nkukabetcha pa foni. Kodi imeneyi si njuga yovala suti?

aJere a pa Zobue:
Achemwali, nkhawa yanu ndi yoona, koma tisiyanitse. Amene ali pa thebulo sadaikepo khobidi lake. Akaluza amabwerera mmene adabwerera. Chomwe chimamuliza ndi chakuti ndalamazo adazigwira ndi manja. Opanga pulogalamu amadziwa kuti kutaya chomwe wachifungata kumapweteka kuposa kulephera kupeza chomwe sudachione. Nchifukwa chake amazipereka poyamba. Mu Millionaire umakwera makwerero, ndipo mmene idayambira mu 1998 padali popumira pawiri, pa funso la 5 mapaundi 1,000 ndi pa funso la 10 mapaundi 32,000, komanso umatha kuima nkutenga zako. Mu wa mbunawu mulibe popumira.

Njuga yeniyeni ili kwa ife oonerera, pomwe pansi pa kanema palembedwa kuti tumizani uthenga kuti mupambane. Apo ndalama ndi yanu.

Mana wa ku Matundo:
Pamenepo ndiloleni ndilowepo, chifukwa apa mpomwe abale athu akuthera kredito.

Funso la oonerera limakhala lophweka dala, loti ndi mwana wa kalasi yachitatu yemwe ayankha. Cholinga si kuyesa nzeru, koma kuti aliyense adzione kuti wakhoza nkutumiza. Onse okhoza amalowa m'mayere. Tingoyerekeza: uthenga umodzi 10 MT, mauthenga 200,000, zalowa 2,000,000 MT, mphoto 100,000 MT. Mukatumiza ka 20 mwawononga 200 MT, ndipo mwayi wanu ndi 1 pa 10,000. Manambalawa ndi ongofanizira, koma kawerengedwe kake nkomweko.

Musanatumize onani zinthu izi. Mtengo wa uthenga uyenera kulembedwa pa kanemapo. Onani ngati ndi uthenga umodzi kapena mukulembetsa zoti azikudulani tsiku lililonse. Mawu oti subscrição kapena por dia akaoneka, dziwani kuti kredito izipita mmawa uliwonse mpaka mutaletsa, ndiye lembani padera mawu oletsera musanalowe. Onani nthawi yotsekera. Onaninso ngati pulogalamuyo ndi ya lero kapena yobwereza, chifukwa uthenga wotumizidwa pa yobwereza ukhoza kudulidwa ndalama koma osalowa m'mayere. Mpikisano wolongosoka umakhala ndi regulamento (malamulo olembedwa) yoti aliyense awerenge, ndipo za masewera a mwayi m'dziko muno zimayang'aniridwa ndi Inspecção Geral de Jogos.

Zoterezi zidagwetsapo makampani akuluakulu. Ku England mu 2007 bungwe la Ofcom, loyang'anira za mawailesi ndi kanema, lidalipiritsa kampani ya kanema ya GMTV mapaundi 2 miliyoni chifukwa opambana ankasankhidwa mafoni asanatsekedwe, anthu nkumalipirabe opanda mwayi uliwonse. Mu 2008 ITV idalipiritsidwa mapaundi 5.675 miliyoni pa milandu ya mtundu womwewo.

Tekiniko wa Madishi, Moatize:
Ndiwonjezere pa nthawi yotsekerayo. Mawu oti directo (pompopompo) asakupusitseni kuti mukuona pa sekondi yomweyo. Setilaiti ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Chithunzi kukwera ndi kutsika chimatenga gawo limodzi la magawo anayi a sekondi, si zambiri. Koma chisananyamuke chimapanikizidwa, chikafika dikoda imachimasula, apo pamapita masekondi angapo. Nchifukwa chake pa mpira nyumba yokhala ndi wailesi imakuwa chigoli inu a dishi mpira udakali pakati. Oonera pa intaneti ndi megas amatsalira koposa, theka la mphindi ngakhale kupitirira. Akati mafoni atsekedwa pakatha masekondi 30, wa pa foni uja mwina atseka kale.

Nthawi ya mvula chithunzi chikamaduka timabokosi, vuto nthawi zambiri si dikoda. Madontho akuluakulu amafooketsa siginolo ya dishi. Lowani pa menyu muone mizere iwiri, mphamvu ndi qualidade (ubwino wa siginolo). Kukakhala kopanda mitambo koma qualidade ili pansi, dishi yasuntha ndi mphepo kapena madzi alowa pa cholumikizira cha waya pa LNB, kachipangizo kolandira siginolo kamene kali kutsogolo kwa dishi. Dulani kansonga ka waya komwe kachita dzimbiri, ikani cholumikizira chatsopano, kulungani ndi tepi yosalowa madzi, ndipo waya apange kakhota kolozera pansi asanalowe m'nyumba kuti madzi azidonthera panja. Ku Angónia ndi Tsangano komwe mvula imachuluka, dishi ya masentimita 90 imapirira kuposa ya 60.

China: England ndi Portugal ali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo maola awiri. Pulogalamu ya 10 koloko usiku ku London kuno ndi 11 kapena 12.

Mano wa pa Domwe:
Mana, nanga mauthenga aja amabwera oti mwapambana pa mpikisano wa pa kanema, tumizani ya transporte kuti mulandire?

Mana wa ku Matundo:
Amenewo ndi akuba, Mano, musatayepo nthawi. Mpikisano weniweni umagwiritsa nambala yaifupi, osati ya munthu ya manambala 9 yoyamba ndi 82, 84 kapena 86. Sulipiritsa kuti mulandire mphoto. Sufunsa PIN ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, ndipo sukuuzani kuti muwerenge kodi yomwe yangolowa pa foni. Ndipo simungapambane mpikisano womwe simudalowe.

Koma mukapambanadi, zomwe zimagwetsa anthu ndi mapepala. Mphoto imatsata dzina lomwe khadi la foni lidalembetsedwa. Kumudzi kuno makadi ambiri ali m'dzina la amalume kapena la mnyamata wogulitsa makadi pa msika. Konzani zimenezo lero, musadikire mphoto. Mufunika BI (chiphaso cha unzika) yosatha nthawi, NUIT (nambala ya msonkho), ndi akaunti ya ku banki ya dzina lanu, chifukwa chikwama cha pa foni chili ndi malire a ndalama zomwe chingasunge. Funsaninso ngati chiwerengero cholengezedwacho ndi chochotsedwa kale msonkho. Maiko amasiyana: ku England mphoto yotere siidulidwa msonkho, ku America imadulidwa.

A m'malire, ku Zobue, Calómuè ndi mbali zina za Domwe, yang'anani kaye pamwamba pa foni. Ikagwira netiweki ya ku Malawi, nambala yaifupi ya kuno mwina siidutsa, kapena uthenga udula kwambiri. Sankhani netiweki ndi dzanja pa makonzedwe a foni, musaisiye pa automático.

Wophunzira wa ku Chingodzi:
Ine chomwe chimandikhudza, ukabwera mpikisano wotere wa kuno, ndi chilankhulo. Masewerawa adafika kale ku maiko a Chipwitikizi. Ku Brazil Silvio Santos adawatsogolera pa SBT mu 2011 ndi dzina loti Um Milhão na Mesa, ku Portugal adaonetsedwa pa TVI mu 2015. Mafunso ake akakhala a Chipwitikizi, mwana wa ku Maputo yemwe amachilankhula kunyumba wamva kamodzi. Mwana wa ku Macanga amatembenuza kaye m'mutu, masekondi 10 apita. Ndipo misampha yake imakhala m'timawu tating'ono: não (ayi), excepto (kupatula), penúltimo (chachiwiri kuchokera kumapeto), mais recente (chaposachedwa kwambiri), década (zaka 10) ndi século (zaka 100). Funso loti qual destes não faz fronteira com Tete (ndi chigawo chiti chomwe sichichita malire ndi Tete), mayankho Niassa, Manica, Sofala, Zambézia, munthu wothamanga amaona Manica nkuunjikapo zonse poti akudziwa kuti tidayandikana nayo, chonsecho afunsa yomwe sitigundana nayo, Niassa. Mankhwala ake ndi amodzi: wonyamula ayambe ntchito, woganiza awerenge funso mokweza kachiwiri, akugogomeza kamawu kokanira.

aMbewe a ku Furancungo:
Wanena bwino mwanawe. Ndipo woulutsa musamamuyang'ane nkhope pofuna yankho. Ntchito yake ndi kutalikitsa mantha. Akafunsa kuti mwatsimikiza, amafunsa wokhoza ndi wolakwa yemwe. Zitseko amazitsegula chimodzichimodzi, kuyambira chomwe chilibe kanthu kapena chili ndi zochepa, ndipo chachikulucho amachisunga mpaka malonda adutse. Malonda amenewo ndi amene amalipira pulogalamu.

Mafoni a opikisana amalandidwa asanalowe. Intaneti idasintha zambiri: pa Millionaire ya ku America thandizo loimbira mnzako foni adalichotsa mu 2010 chifukwa oimbiridwa ankangofufuza pa kompyuta m'masekondi 30 aja. Ku England, pulogalamu itabwerera mu 2018 ndi Jeremy Clarkson, amatumiza munthu wawo kukakhala pambali pa woimbiridwayo.

NaNgozo wa ku Tsangano:
Ndiye ngati phindu lake lili pa kudziwa zinthu ndi kugwirizana, bwanji osawaseweretsa ana athu popanda ndalama? Aphunzitsi, zingatheke pa sukulu kapena pa tchalitchi Loweruka masana?

Aphunzitsi a Masamu, Ulongwe:
Zingatheke mayi, ndipo sizifuna magetsi. Pezani zitsononkho za chimanga 40, ndowa 4, ndi timatabwa kapena makatoni olimba 4 ovundikira ndowazo. Zitsononkho zimaposa miyala kapena zitsekerero za mabotolo chifukwa ndi zazikulu, mwana sanganyamule zonse kamodzi, ndiye amamva kuthamanga kwa nthawi ngati a pa kanema aja. Pa katoni iliyonse lembani A, B, C, D. Mayankho alembedwe pa bolodi funso lisanawerengedwe. Kumbuyo kwa ndowa iliyonse kuime mwana mmodzi, ndipo akauzidwa asolole katoni mwamsanga kuti zitsononkho zigwere mkati.

Mafunso alembedwe ndi munthu mmodzi, wina awatsimikizire m'buku, ndipo yankho lililonse litsekeredwe mu envelopu masewera asanayambe. Likapezeka funso la mayankho awiri olondola, bwezani zitsononkho zonse nkufunsa lina, musakangane ndi ana pamaso pa anzawo. Kwa ana a kalasi 6 ndi 7 mafunso 8 ndi ambiri, magulu amatuluka asanafike pakati nkugwa ulesi. Ikani 5: awiri a ndowa 4, awiri a ndowa 3, lomaliza la ndowa 2. Funso liwerengedwe m'Chipwitikizi kenako m'Chichewa, ndipo wotchi iyambe akamaliza kuwerenga kachiwiri. Mwana wina azilemba pa bolodi zitsononkho zotsala pakatha funso lililonse, kuti pomaliza ayerekeze gulu logawa patatu ndi gulu lounjika. Phunziro la tizigawo ndi la mwayi latha pomwepo.

aJere a pa Zobue:
Ndowa zikhale zachitsulo aphunzitsi, osati zapulasitiki, kuti zikagwa zimveke mpaka kumbuyo kwa kalasi. Ndipo wosunga nthawi asakhale m'bale wa opikisana, aziwerenga mokweza masekondi 10 omaliza.

Mano wa pa Domwe:
Zikomo nonse akuluakulu. Chimanga tikukonola mwezi uno, zitsononkho zilipo zambiri. aMbewe, tithandizeni mafunso 15 a za chigawo chathu, okwana magulu atatu, muwatumize kwa aphunzitsi okha kuti awatsimikizire. Pa gulu pano musawaike, makolo a ana omwe adzapikisanewo ali pompano.